Kwa inu amene mwayamba kugwira mawaya

Ana anga a ku Kawale, Biwi, Chinsapo, Area 23, Area 25 ndi Mgona, amene ndikukulemberanine ndakalambira pa benchi lokonzera mawailesi. Masiku ano ndikumaona ena mwa inu mutanyamula timabolodi todzaza mawaya, uyu akuti ndi Arduino, uyo akuti ESP32. Mtima wanga umakondwa, chifukwa ntchito imene anzanga ndi ine tinkaopa kuti ithera limodzi ndi mawailesi a mabatire yapeza eni ake atsopano. Chimene chimandiwawa n'chakuti ambiri mumathera pophethiritsa kababu kamodzi, kukajambula pa foni, kutumizira anzanu pa WhatsApp, kenako bolodi n'kulowa m'katoni pansi pa bedi. Ine ndikufuna kuti mupange chinthu chimodzi, ngakhale chaching'ono, chimene chidzagwire ntchito pakhomo pa munthu wina inu kulibe, mwezi ndi mwezi.

Zimene mwagwirazo si zidole. Mita ya ESCOM imene mumalowetsamo manambala 20 aja mukagula mayunitsi ili ndi kachipu kotereka m'kati, ndipo ndi komwe kamawerenga magetsi amene mwagwiritsa ntchito n'kuwadula mayunitsi akatha. Makiyosiki a e-Madzi a Lilongwe Water Board, aja amayi amangogunditsapo khadi madzi n'kuyamba kutuluka, amayendera nzeru yomweyi. Pitani ku magalaja a ku Biwi mukamve amakaniko akudandaula za kompyuta bokosi ya galimoto zochokera ku Japan. Ngakhale kabokosi kamene kamakhala pakati pa sola ndi batire kuti batire lisapse kali m'banja lomweli. Dzina la kachipu kameneka ndi microcontroller. Kamamva kudzera m'masensa, kamatsata malamulo amene munakalembera, n'kulamula chinthu china kuti chiyake, chizime kapena chilire. Kali ngati mlonda wosagona tulo koma wosadziganizira yekha: mukamuuza molakwika, adzachita cholakwikacho mokhulupirika usiku wonse.

Arduino inayambira ku Ivrea, ku Italy, mu 2005, ndipo anaipangira ophunzira amene sanali akatswiri a zamagetsi. Bolodi la Uno limene ambiri muli nalo lili ndi chipu cha ATmega328P, timiyendo 14 toyatsa ndi kuzimitsa, tina 6 toyezera, ndi malo okumbukira zimene likuwerenga okwana 2 KB okha. Chithunzi chimodzi cha pa foni yanu sichingakwanemo n'komwe. Komabe malo ochepawo ndi okwanira kuyang'anira thanki, khola la nkhuku kapena geti. ESP32 ya kampani ya Espressif ya ku Shanghai inabwera mu 2016 ili ndi WiFi ndi Bluetooth, ndipo Raspberry Pi Pico inatuluka mu 2021 pa mtengo wa madola 4. Musataye nthawi kukangana kuti labwino ndi liti. Labwino ndi limene lili m'manja mwanu lero.

Funso loyenera kuyamba nalo si lakuti ndipange chiyani ndi bolodili. Yendani pakhomo panu ndi pa aneba muone chimene chikuwasowetsa tulo. Tonse tikudziwa kuti m'makwalala mwathu muno nthawi zina madzi amabwera pakati pa usiku. Amayi amasiya mpope wotsegula, n'kumagona khutu lili kunja kuti amve madzi akayamba kugwera m'ndowa. Kwa amene ali ndi thanki, mwina imadzaza n'kusefukira mpaka m'mawa, bilu n'kukwera. Apa pali ntchito. Kasensa kotchedwa HC-SR04, kaja kali ndi timaso tiwiri, kamatumiza kaphokoso ka 40 kHz kamene khutu la munthu silimva, n'kudikira kuti kagunde pamadzi kabwerere. Phokoso limayenda pafupifupi mamita 343 pa sekondi. Mukatenga nthawi imene ladutsa, yowerengedwa mu microsecond, n'kuigawa ndi 58, mwapeza masentimita. Bolodi likakuuzani 2,900, madzi ali masentimita 50 kuchokera pa sensa. Mukatero mwadziwa ngati thanki yadzaza osakwera pamwamba.

Patebulo zimenezi zimayenda bwino tsiku loyamba lomwe. Kaikeni m'thanki muone. Dzuwa likawomba, m'kati mumachita thukuta, madontho amadzaza pa timaso tija, ndipo pakapita masabata ochepa kasensako kamachita dzimbiri n'kuyamba kunama. Madzi akamalowa amawinduka, manambala n'kumadumphadumpha, belu n'kumalira popanda chifukwa mpaka eni nyumba kuzula waya. Apa m'pamene pamayambira umisiri weniweni. Mudzaphunzira kuti pali mtundu wina wosalowa madzi, JSN-SR04T. Mudzaphunzira kuwerenga kasanu kapena kakhumi n'kutenga nambala yapakati, osakhulupirira yoyamba. Mudzaphunzira kuuza pampu kuti iyake madzi akatsika kwambiri, izime akafika pamwamba, pakati pakhale mpata waukulu kuti isamangoti yaka zima, yaka zima mpaka kupsa. Ndipo mwina mudzazindikira kuti pakhomo limenelo chofunika ndi kampira koyandama ka ku hadiweya kotseka madzi kokha, kopanda waya ngakhale mmodzi. Mukaona choncho, auzeni eni nyumba zoona. Mmisiri amene amaika chipu pamene kampira kakanatha ntchito akufuna kudzionetsa, ndipo anthu sachedwa kumutulukira.

Ndalama yoyamba imene mungapeze musagulire sensa ina. Gulani multimeter, ngakhale yachikasu yotchipa ija. Magetsi saoneka ndi maso, ndipo amene alibe mita amangolota. Ndaona anyamata akusintha pulogalamu tsiku lonse, kudzudzula bolodi kuti ndi lachinyengo, pamene vuto ndi waya mmodzi woduka m'kati mwa chikopa chake. Mita ikanawauza m'mphindi imodzi. Phunzirani kuyeza zinthu zitatu: mavolti, kupitirira kwa waya, ndi kuchuluka kwa magetsi amene chinthu chikukoka. Phunziraninso lamulo la Ohm mpaka lilowe m'magazi. Kababu kofiira ka LED kamatenga pafupifupi 2V. Mukakapatsa 5V patsala 3V, ndipo mukaika resistor ya 220 ohm mudzadutsa pafupifupi 14 mA. Mwendo umodzi wa Uno suyenera kupitirira 20 mA pa ntchito ya tsiku ndi tsiku. Amene wamvetsa kasamu kameneka sangalumikize mota molunjika ku mwendo wa bolodi. Adziwa kuti pakufunika transistor kapena relay, ndi diode yoteteza.

Mukachoka pa Uno kupita pa ESP32 kumbukirani kuti iyo imayendera 3.3V. Mukailowetsera 5V pa mwendo mukhoza kuiwononga, ndipo ndalama yapita. Chinanso chimene chimaliza ambiri ndi SIM800L, kabolodi kolowetsamo simu khadi ya TNM kapena Airtel kuti chipangizo chanu chizitumiza uthenga ku foni. Kamafuna mavolti apakati pa 3.4 ndi 4.4, ndipo pamene kakufunafuna netiweki kamakoka mwadzidzidzi mpaka 2A. Mukakadyetsa kuchokera pa Arduino kamangozima n'kuyambanso, inu n'kumati kabwera kakufa. Kapatseni batire lakelake, mawaya aafupi onenepa, ndi capacitor yaikulu pafupi. Zonsezi zinalembedwa mu datasheet, pepala limene opanga chipangizo amatulutsa, ndipo limapezeka laulere pa intaneti. Chingerezi chake n'cholimba, inde, koma yambani ndi tebulo la manambala osayenera kupitirira. Pamene simukumva funsani. Safunsa anadya phula.

Ndikudziwa kuti zipangizo ndi zodula. Pafupifupi zonse zimachokera kunja, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo inathawa. Koma Lilongwe ndi wodzaza ndi zida zakufa zimene m'kati mwake muli zamoyo. M'pulintala yakale muli timota ndi timasensa ta kuwala. Mu DVD yakufa muli mota, maswitchi ndi kasensa kolandira rimoti. Mu UPS yotayidwa muli ma relay ndi transformer. Chaja cha foni chabwino chimapereka 5V yokwanira kuyendetsa bolodi. Pitani kwa okonza mafoni ndi ma TV mumsika waukulu, ku Nsungwi kapena ku Malangalanga, mupereke moni mwaulemu, mupemphe kapena mugule mabolodi amene iwo ataya. Kuchotsa zida pa bolodi lakufa ndi sukulu yabwino yophunzirira kuwotcherera, chifukwa palibe chimene mungawononge. Ndipo musanagule kanthu, yesani dera lanu lonse pa Wokwi kapena Tinkercad, pamene mumalumikiza mawaya ndi kuyendetsa pulogalamu pa sikirini popanda kupsereza chilichonse. Wopanda laputopu asataye mtima: ArduinoDroid imalemba ndi kutumiza pulogalamu kuchokera pa foni ya Android kudzera pa kachingwe ka OTG.

Tsopano mundimvere bwino, chifukwa apa ndikunena za moyo wanu. Magetsi a m'nyumba ndi 230V, ndipo amapha. Chaka chanu choyamba chonse khalani pa 5V ndi 12V. Mukafika pofuna kuyatsa babu la m'nyumba kapena pampu ndi relay, itanani munthu amene anaphunzira zamagetsi aime pambali panu. Mbali ya 230V ikhale m'bokosi lotseka, pakhale fyuzi, ndipo musagwire kanthu pulagi ili kukhoma. Ma capacitor akuluakulu a mu TV ndi mu microwave amasunga moto ngakhale mwazula pulagi kalekale. Mabatire a 18650 ochokera m'malaputopu akale ndi othandiza, koma akadzaza amafika 4.2V ndipo sayenera kupitirira apo. Atchajeni ndi kabolodi kake, monga TP4056 yokhala ndi chitetezo, osati ndi mawaya awiri ochokera ku chaja chilichonse. Lotupa, lobooka kapena lotentha lokha lichotseni, ndipo musatchaje pa matiresi. Nyumba zathu n'zothithikana, moto wa nyumba imodzi ndi wa mzere wonse. Musawotche mawaya ndi mabolodi kuti mupeze kopa, utsi wakewo ndi poizoni, ndipo mukagwira mtovu wowotcherera sambani m'manja musanagwire nsima.

Pali zinthu ziwiri zimene anthu adzakupemphani akangomva kuti mumadziwa mawaya. Wina adzati mulumikize magetsi ku geti kapena ku waya wa mpanda kuti akhaulitse akuba. Kanani. Amene amagwira geti m'mawa ndi mwana wotumidwa kukapempha moto, ndipo mlandu wake ndi wakupha munthu. Muikireni sensa ya PIR yoyatsa getsi ndi kuliza belu, ndi yokwanira. Wina adzati mumudumphitsire mita kuti asamagule mayunitsi, n'kukuonetsani ndalama. Kumeneko ndi kuba, kumatengera munthu kundende ya Maula, ndipo dzina likaipa m'dera simudzapatsidwanso ntchito yabwino.

Chinthu chopangira kuno chiyenera kupirira za kuno. Ambiri amene amajambula mavidiyo a pa YouTube amakhala kumene magetsi sathima. Ife timakumbukira 2022, pamene namondwe Ana anawononga damu la Kapichira mu Januwale, dziko n'kutaya pafupifupi 130 MW, ndipo tinkakhala maola ambirimbiri mumdima. Taganizani za makina oswetsa mazira, amene achinyamata ambiri amafuna kupanga chifukwa nkhuku zili ndi msika. Dzira la nkhuku limaswa pa masiku 21, limafuna kutentha kwa pafupifupi madigiri 37.5, liyenera kutembenuzidwa kangapo pa tsiku mpaka tsiku la 18, ndipo chinyezi chiyenera kukwera masiku omaliza. Kuwerenga kutentha ndi DS18B20 kapena DHT22 n'kosavuta. Koma magetsi akathima 2 koloko usiku pa tsiku la 12 chichitike n'chiyani? Kodi pali batire? Kodi pali belu lodzutsa mwini wake? Magetsi akabwerera, kodi bolodi likukumbukira kuti linali pa tsiku la 12, kapena liyambanso kuwerenga pa 1? Ngati simunasunge nambalayo mu EEPROM kapena kuika kawotchi ka DS3231 kokhala ndi batire lake, laiwala. Nanga sensa ikaduka waya, pulogalamu yanu izimitsa chotenthetsera, kapena iganiza kuti kwazizira n'kuphika mazira onse? Mayi amene wakupatsani mazira 60 waika m'manja mwanu ndalama ya fizi ya mwana wake. Musanalandire dzira la munthu, yendetsani makinawo opanda kanthu kwa masiku 21 athunthu, muzizula pulagi dala, muzidula sensa dala, muone chimene achite. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Onjezanipo fumbi la mu Seputembala, kutentha kwa mu Okutobala pansi pa malata, chinyezi cha dzinja, nyerere ndi mphemvu zimene zimakonda kufunda kwa bolodi, ndi makoswe odya mawaya. Breadboard ndi yoyeserera chabe, timawaya take timasomoka tokha. Chopita kwa munthu chiwotchereredwe pa bolodi lolimba, chilowe m'bokosi, mabowo a mawaya aloze pansi kuti madzi asatsatire.

Nzeru yopanga zinthu zopirira za kunoyi inayesedwa kale mumzinda mwathu momwe muno. Kuyambira 2001, Gerry Douglas ndi anzake a Baobab Health anaika makompyuta ongogwira pa sikirini ku chipatala cha Kamuzu Central. Sanagule makina odula. Anatenga tizipangizo totchedwa I-Opener timene ku America tinali titasiya kugulitsidwa, anatisintha kuti tigwirizane ndi ntchito ya m'chipatala, tinkadya magetsi ochepa, ndipo kumbuyo kwake kunali mabatire kuti kulembetsa odwala kusaime magetsi akathima. Amalawi ambiri odziwa makompyuta, monga Soyapi Mumba, anakulira pa ntchito imeneyo. Ku Blantyre, madokotala a ku Queen Elizabeth Central Hospital pamodzi ndi a Rice University anapanga Pumani, makina othandiza makanda obadwa masiku osakwana kupuma, ndipo mpweya wake unkachokera ku timapampu ta m'magalasi owetera nsomba. Onsewa anayamba ndi vuto limene analiona ndi maso, n'kufunsa kuti chidzapirire n'chiyani.

Dzina la William Kamkwamba nonse mumalidziwa, ena munaonera filimu yake ya 2019. Anthu amakonda kunena kuti mnyamata wa ku Wimbe, ku Kasungu, anasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002, n'kupanga makina a mphepo ali ndi zaka 14, pogwiritsa ntchito dayinamo ya njinga, fani ya thirakitala, mapaipi ndi mitengo ya bulugamu. N'zoona. Koma ine mbali imene ndimafuna muigwire ndi ina. Mnyamatayo ankapita ku kalaibulale ka pa sukulu ya pulayimale, n'kumatsata zithunzi za m'mabuku monga Using Energy pamene Chingerezi chinkamuvuta. Getsi litayaka sanalekere pomwepo. Anaona kuti mawaya ake akhoza kuyatsa denga la udzu, ndipo anapanga chodulira magetsi ndi misomali, waya ndi maginito. Ndipo mpata utapezeka anabwerera ku sukulu mpaka kumaliza ku Dartmouth College mu 2014. Aliyense wokuuzani kuti Kamkwamba ndi umboni wakuti sukulu ilibe ntchito sakukufunirani zabwino. Masamu ndi Physics za ku sekondale ndi zomwezo zimene mukuziona pa mita yanu.

Za kukopera pulogalamu pa intaneti, kapena kufunsa makina anzeru aja a pa foni kuti akulembereni, sindikuletsani. Ifenso tinkatsata mapulani a mawailesi amene anajambula ena. Koma mzere uliwonse umene mwaika muzitha kuufotokozera mng'ono wanu m'Chichewa. Mukapeza delay(5000), dziwani kuti kwa masekondi 5 bolodi lanu lagona, silikumva batani kapena sensa iliyonse, ndipo phunzirani kugwiritsa ntchito millis() m'malo mwake. Dziwaninso kuti pa Uno nambala ya millis() imadzaza n'kubwerera pa 0 pakatha pafupifupi masiku 50. Chipangizo cholembedwa mosasamala chimagwira bwino mwezi wathunthu n'kudzapenga inu mutaiwala kale. Gulani kope la hadikava. Jambulanimo waya aliyense kumene wachokera ndi kumene wapita, lembani tsiku, zimene mwayeza, zimene zakanika, ndi mtengo wa chida chilichonse. Kasitomala akadzakuitanani patapita miyezi 6, kopelo ndi limene lidzakukumbutseni. Ndi lomwenso lidzakuthandizeni kutchula mtengo woona, wowerengera zida, thiransipoti, nthawi yanu ndi ulendo wodzakonzanso.

Atsikana, mawuwa ndi anunso. Musalole kuti pagulu ntchito yanu ikhale yogwira tochi ndi kulemba lipoti pamene anyamata akuwotcherera. Gwirani chowotcherera. mHub, malo oyamba m'dziko muno osonkhanira achinyamata a luso la makompyuta, anawayambitsa ndi mayi, Rachel Sibande, muno mu Lilongwe. Ndipo inu makolo amene mukuwerenga nawo, mwana akamatola mawailesi akufa musamuthamangitse kuti akudzaza zinyalala m'nyumba. Mupatseni katoni ndi kangodya, mungoonetsetsa kuti sakuyandikira soketi.

Njira zopitira patsogolo zilipo. Lilongwe Technical College ndi makoleji ena a pansi pa TEVETA amaphunzitsa zamagetsi ndi manja. MUBAS ku Blantyre ndi MUST ku Thyolo amaphunzitsa uinjiniya. African Drone and Data Academy inatsegulidwa muno mu Lilongwe mu Januwale 2020 mothandizidwa ndi UNICEF, ndipo drone ndi microcontroller yomweyi yokhala ndi masensa ndi mota. Kulikonse kumene mungapite, kupita ndi chinthu chogwira ntchito ndi kope lodzaza kumaposa kupita ndi mawu okha.

Pakali pano musadikire kuti wina akutsegulireni malo. Pezanani anayi kapena asanu a m'dera limodzi, wina wa mita, wina wa laputopu, wina wa chowotcherera. Pemphani chipinda ku tchalitchi, ku mzikiti kapena ku sukulu Loweruka masana, sonkhani pang'onopang'ono muitanitse zida pamodzi kuti mtengo wotumizira ugawike. Pitaninso kwa okonza mawailesi achikulire amene atsala m'misika yathu. Ambiri sitidziwa kulemba pulogalamu, koma tikhoza kukuonetsani mmene cholumikizira chouma chimaonekera ndi mmene capacitor yotupa imadziwikira, inu n'kutiphunzitsa zanuzo. Bwerani maso athu akadaona, ndipo pobwera mutenge mng'ono wanu mmodzi.